Madzi amene anawira popanda moto: lipoti la ngozi ya soda pa gulu la amayi opanga sopo ku Angónia

Ndine mphunzitsi wa kemisitiri pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Angónia. Lipotili ndalembera aphunzitsi anzanga komanso alangizi amene amayendera magulu a amayi opanga sopo kuno ku Tete. Mayina a anthu, mudzi ndi sitolo ndawasiya dala.

Zimene zinachitika

Gululi lili ndi amayi 11 ndipo lili m'mudzi wina kunja pang'ono kwa Ulongwe. Lakhala likupanga sopo wochapira kwa zaka zitatu popanda chovuta. Muyezo wawo susintha: kilogalamu imodzi ya soda wa sopo, uja pa thumba amalemba kuti soda cáustica, malita 3 a madzi, ndi malita pafupifupi 8 a mafuta a mpendadzuwa. Wosungunula soda nthawi zonse amakhala mayi wamkulu wa gululo. Iwo amatunga madzi pachitsime dzuwa litapendeka, n'kuyamba kuthira soda ndi chipande pang'onopang'ono uku akutakasa ndi mthiko, mpaka ola lathunthu kutha. Akatero amasiya ndowa pakhonde, yosavundikira, nkhuku zitalowa kale. M'mawa madziwo amakhala atapola, ntchito yosakaniza ndi mafuta n'kuyamba.

Lachinayi lina mu Okutobala mayi wamkuluyo anali ku maliro ku Domwe. Otsalawo anali atagula mafuta ambiri ndipo anafuna kudzaza zikombole zonse tsiku lomwelo. Anayeza makilogalamu 2 a soda n'kukhuthulira m'ndowa ya pulasitiki yopyapyala. Pa muyezo wawo panafunika malita 6 a madzi, koma iwo anathira 4 okha, poganiza kuti madzi akachepa sopo auma msanga. Madziwo anachokera m'chigubu chakuda chimene chinakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Anawathira onse nthawi imodzi pamwamba pa soda, n'kuvundikira ndowa, n'kusanjikapo mwala poopa ana ndi nkhuku.

Sipanatenge nthawi. Anamva phokoso ngati la nyama yoponyedwa m'mafuta otentha, chivundikiro chinayamba kuvina, mbali imodzi ya ndowa n'kutupa. Mayi mmodzi wachitsikana anathamanga kukachotsa mwala uja. Atangotukula chivundikiro, madzi anamuthovukira pamkono ndi paphazi. Mnzake, poona kuti ndowa ikupindika, anakokera pafupi sefuliya yaikulu ya aluminiyamu n'kukhuthuliramo zotsalazo. Zinthu zinafika poipa. Thovu lotuwa linakwera mpaka kusefukira, panatuluka nthunzi yotsamwitsa, onse n'kuthawa. Pofika madzulo sefuliyayo inali itabooka pansi malo atatu.

Wopsayo anamupaka mafuta ophikira, kenako mankhwala otsukira mano. Anafika kuchipatala patadutsa maola awiri.

Zimene mudzi unanena

Pamene ndinkaitanidwa Loweruka, mudziwo unali utapeza kale zifukwa zitatu. Ena anati wasitolo anawagulitsa soda wachinyengo, "wamphamvu mopitirira", ndipo anali atakonzeka kukabweza thumba. Ena anati pali wanjiru amene anapondapo. Chachitatu chinali chonong'ona: akuti mtsikana wopsayo anagwira ntchitoyo ali wotentha, monga akuluakulu amanenera za munthu amene sayenera kuthira mchere m'ndiwo kapena kuyandikira mowa ukufululidwa. Chachitatuchi n'chimene chinandipweteka mtima, chifukwa munthu ali ndi bala pamkono anali akusenzanso mlandu.

Mayi wamkulu uja anandilandira pamkeka n'kundifunsa mosazungulira: "Aphunzitsi, inu mumadziwa za mabotolo. Madzi a m'chigubu angawire bwanji popanda nkhuni?"

Ndinati, "Amayi, ndibwerekeni kaye thumba latsopanolo ndi soda wotsala wa thumba lakale. Ndidzabwera ndi yankho Loweruka likudzali, koma yankholo mudzaliona ndi maso, simudzangomva kwa ine."

Kuyeza soda

Ndinachita zimenezi ndi ana a kalasi 11. Zida zathu zinali sikelo yaing'ono, themomita, ndi fulasiki ya tiyi ya kunyumba kwanga. M'fulasiki tinathira magalamu 100 a madzi, themomita inaonetsa madigiri 22. Tinathira magalamu 4 a soda wa thumba latsopano, kutseka, kugwedeza. Inakwera kufika 31. Tinabwereza katatu, n'kupeza chimodzimodzi. Soda wa thumba lakale nayenso anachoka pa 22 kufika pa 31. Wasitolo uja analibe mlandu.

Masamu ake ndi a mzere umodzi, q = m × c × ΔT. Apa q ndi kutentha kotuluka, m ndi kulemera, ΔT ndi madigiri amene yakwera. Pomwe c ndi iyi: kuti galamu imodzi ya madzi ikwere digiri imodzi pamafunika majoule 4.18 (joule ndi muyezo wa mphamvu). Magalamu 104 kuchulukitsa ndi 4.18 ndi 9, tikupeza majoule pafupifupi 3,900. Soda m'buku amalembedwa NaOH, ndipo mol imodzi yake (mol ndi muyezo wowerengera tizigawo ta chinthu) ndi magalamu 40, ndiye magalamu 4 ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Choncho ife tinapeza 39 kJ pa mol (kJ imodzi ndi majoule 1,000), pamene mabuku amati 44.5 kJ ngati madzi ali ochuluka kwambiri. Kusiyanako sikunandidabwitse. Fulasiki nayo imatengako kutentha, ndipo soda amayamwa chinyezi cha mumpweya akangotsegulidwa, moti pa magalamu 4 tinayezawo ena anali madzi.

Apa m'pamene kalasi inasokonekera, ndipo chinatisokoneza ndi mawu, masamu ayi.

Mawu amodzi, ntchito zinayi

Ndinafunsa kuti, "Chachuluka m'fulasikimu n'chiyani?" Onse anati kutentha. "Nanga chatuluka mu soda n'chiyani?" Kutentha. "Themomita ikuyeza chiyani?" Kutentha. M'Chichewa palibe analakwa. Timati kunja kukutentha, timati akutentha tchire, timati mwana watentha thupi, ndiye pali kutentha kwa mwambo kuja. Buku la Chipwitikizi lili ndi mawu awiri, calor ndi temperatura, ndipo ana amaloweza onse awiri koma m'mutu amawamasulira kukhala chinthu chimodzi.

Ndinawafunsa za kapu ya tiyi wowira ndi mgolo wa madzi osamba ofunda chabe. Chotentha kwambiri ndi kapu, palibe anatsutsa. Koma chimene chinadya nkhuni zambiri ndi mgolo. Temperatura ndi msinkhu umene kutentha kwafika, ndipo sudalira kuchuluka kwa chinthu: mukatunga chikho chimodzi mumgolo, themomita ionetsa nambala yomweyo. Zotere buku limazitcha intensiva. Calor ndi mphamvu imene ikusamuka kuchoka kotentha kupita kozizira, ndipo timaiyeza m'majoule. Mphamvu imene soda amatulutsa imakula ndi kuchuluka kwa sodayo, makilogalamu 2 amatulutsa yoposa kilogalamu imodzi, ndiye ili m'gulu la extensiva. M'kalasi mwanga tsopano timati "msinkhu wa kutentha" pa temperatura ndi "kutentha kosamuka" pa calor. Ndi mawu aatali, sakoma pakamwa, koma sasokoneza.

Mawu ena ovuta ndi "mphamvu". Amayi aja ponena kuti soda anali wamphamvu ankatanthauza ukali wake. Ife tikati mphamvu tikutanthauza energia. Mphunzitsi wa fizikisi akati mphamvu mwina akunena força, mwinanso potência. Ine ndimangoonjezera muyezo nthawi zonse: ngati ndi majoule, ndiye energia.

Kenako pamabwera mawu atatu oyambirira a termodinâmica, phunziro la kutentha ndi mphamvu. Sistema ndi chimene mwasankha kuchiyang'anitsitsa, pano ndi soda ndi madzi. Vizinhança ndi zonse zozungulira: mpweya, nthaka, mkono wa munthu. Pakati pake pali fronteira, malire, ndipo mawu amenewa mwana wa ku Angónia safuna kumuphunzitsa, popeza Calómuè, polowera ku Malawi, ali pakhomo pomwepa. Funso pa malire alionse ndi lakuti chikudutsa n'chiyani. Ndowa ya mayi wamkulu, yosavundikira, imadutsitsa nthunzi komanso kutentha: sistema aberto. Botolo lotseka bwino limadutsitsa kutentha kokha: fechado. Fulasiki imayesetsa kusadutsitsa chilichonse: isolado, ngakhale kuti pofika mawa tiyi amakhala atazizira ndithu. Mtsuko wadothi wa madzi akumwa ndi chitsanzo chabwino cha aberto. Madzi amachucha m'timabowo ta dothi n'kuuma kunja, ndipo kilogalamu iliyonse youma imachoka ndi 2,400 kJ kapena kuposerapo pang'ono. N'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'chigubu.

Tsono taonani ndowa ya Lachinayi lija. Pulasitiki sadutsitsa kutentha msanga. Pamwamba panali chivundikiro ndi mwala. Kwa mphindi zochepa zija amayiwo anali atapanga fulasiki osadziwa.

Kutenthako kunachokera kuti

Funso la mayi wamkulu linali la nzeru, chifukwa ndi lamulo loyamba la termodinâmica lenilenilo: mphamvu siibadwa, siifa, imangosintha maonekedwe kapena malo. Magetsi a ku Cahora Bassa, amene makina ake angathe kutulutsa mamegawati 2,075, sapangidwa pa Songo kuchokera m'malere. Ndi mphamvu ya madzi a Zambezi ogwa kuchokera pamwamba. James Joule wa ku Manchester anaonetsa m'zaka za m'ma 1840 kuti kutakasa madzi ndi nkhafi kumawafunditsa, ndipo ntchito yofanana imabala kutentha kofanana nthawi zonse. Ndiye ngati madzi awira, nkhuni zake zilipo penapake.

Nkhuni zake zinali mu soda. Mu soda wouma, tizigawo ta Na⁺ ndi OH⁻ timagwirana zolimba. Kutilekanitsa kumadya mphamvu. Koma tikangolekana, madzi amatizinga n'kutigwira, ndipo kugwirana kwatsopanoku kumatulutsa mphamvu yoposa imene inadyedwa. Yotsalayo ndi imene imatuluka ngati kutentha. Zili ngati wogula mbatata ku Tsangano n'kukagulitsa ku Tete: walipira, walandira, chimene tikuona ife ndi phindu.

Mphamvu yonse ya m'kati mwa sistema imatchedwa energia interna, chizindikiro chake U. Imasintha m'njira ziwiri zokha, kutentha kosamuka ndi ntchito. Chivundikiro chija povina ndi mwala pamwamba, nthunzi inali ikugwira ntchito, trabalho yeniyeni ya m'buku. Koma popeza zambiri timachitira m'miphika yotsegula, pansi pa mpweya wa tsiku ndi tsiku umene kukanikiza kwake sikusintha, akatswiri anakonza muyezo wina wosavuta, entalpia, H = U + PV (P ndi kukanikiza, V ndi kukula kwa malo amene chinthu chatenga). Kusintha kwake, ΔH, ndi kutentha kumene kwalowa kapena kutuluka pamene kukanikiza kuli chimodzimodzi. Kukatuluka, ΔH imakhala ndi chizindikiro chochotsera ndipo timati exotérmica. Kukalowa, chophatikiza, endotérmica. Ana amalakwitsa apa chaka ndi chaka, amati chinthu chatentha ndiye nambala ikhale yophatikiza. Ndimawauza kuti buku la ndalama ndi la sistema. Soda wataya, dzanja lako ndilo lalandira.

Kuwerengera ndowa ziwiri

Ya masiku onse: kilogalamu imodzi ndi mamol 25. Pa madzi a malita 3, mol iliyonse imatulutsa pafupifupi 40 kJ, yocheperako pa 44.5 ija chifukwa madzi sali ochuluka. Zonse pamodzi ndi 1,000 kJ, zokwanira kuwiritsa malita 3 a madzi a tiyi kuchokera kozizira. Zosakanizazo zimalemera makilogalamu 4 ndipo zimafuna pafupifupi 14 kJ kuti zikwere digiri imodzi. Kutentha konse kukanati kukhale momwemo, zikanakwera madigiri 70, kuchoka pa 20 wa madzi a pachitsime kufika cha m'ma 90.

Ya tsiku la ngozi: mamol 50, mol iliyonse pafupifupi 36 kJ, zonse 1,800 kJ. Kulemera makilogalamu 6, pafupifupi 20 kJ pa digiri, ndiye kukwera kwa madigiri 90. Poyambira sipanali pa 20. Tinaika chigubu chomwecho padzuwa tsiku lina n'kuyeza masana, tinapeza 36. Phatikizani, mudutsa 120. Kuno kumtunda madzi wamba amawira cha pa 96, pamene madzi okhathamira soda chonchi amafuna kupitirira 110, komabe ndowayo inafikapo. Manambalawa ndi ongoyandikira, koma ngakhale mutachotsapo madigiri 10, pulasitiki wopyapyala anali atafewa kale. Onjezani china: madzi akathiridwa pamwamba pa mulu wa soda, oyamba kufika pansi amakhala ochepa pakati pa soda wambiri. Pamenepo pamatentha kuposa pena ponse, nthunzi imatsekeredwa pansi pa chikhakha cha soda, ndipo ikapeza mpata imaphulika.

Nditawerengera amayiwo zimenezi, mayi wamkulu anagwedeza mutu n'kuti, "Ndimawauza ana awa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukathira pang'onopang'ono soda sakwiya." Ndinawayankha mwaulemu kuti kachitidwe kawo n'kolondola, koma soda amakwiya chimodzimodzi. Mfundo imeneyi ndi imene ndikufuna alangizi aigwire. Kuthira ndi chipande kwa ola lathunthu sikuchepetsa 1,000 kJ ija ngakhale ndi joule imodzi. Kumangopatsa kutenthako nthawi yodutsa malire n'kupita mumpweya kusanaunjikane.

Chifukwa chake n'chakuti entalpia ndi função de estado: imadalira poyambira ndi pothera, osati njira. Munthu wochoka ku Ulongwe kupita ku Tete angadzere ku Mussacama, kapena atulukire pa Calómuè, adutse Dedza ndi Ntcheu, akalowerenso pa Zóbuè. Mafuta a galimoto, nthawi ndi zidindo za m'pasipoti zisiyana kwambiri. Koma mamita amene watsika kuchoka kumapiri kuno kufika m'mphepete mwa Zambezi ndi omwewo. Germain Hess analemba zimenezi mu 1840 ali ku St Petersburg, ndipo mpaka lero timati lamulo la Hess. Sungunulani soda m'malita 2 kenako muonjezere lita imodzi, kapena m'malita 3 nthawi imodzi, kutentha konse kotuluka n'kofanana. Chimene chili m'manja mwa wopanga sopo ndi msinkhu umene ndowa ifike, ndipo umenewo amaulamulira ndi madzi ozizira, madzi okwanira, chivundikiro chochotsa ndi nthawi.

Feteleza wozizira

Mtsikana wina m'kalasi, mwana wa mlimi wa chimanga, anafunsa funso limene linatitengera sabata yathunthu. Anati kwawo akasungunula feteleza wa yureya m'kheni, kheniyo imazizira mpaka kuchita thukuta kunja. Ngati zinthu zimasungunuka chifukwa zikufuna kutaya mphamvu, yureya akusungunukiranji?

Tinayesa. Magalamu 30 a yureya m'magalamu 100 a madzi, themomita inatsika kuchoka pa 22 kufika pa 10. Yureya amamwa pafupifupi 15 kJ pa mol, endotérmica yoonekeratu, koma amasungunuka yekha popanda womukakamiza. Ndiye kutaya kutentha si chokhacho chimene chimayendetsa zinthu. Chachiwiri ndi entropia, dzina limene Rudolf Clausius anapereka mu 1865. Aphunzitsi ambiri timangoti ndi "chisokonezo", ine ndinasiya, chifukwa ana amaganiza za chipinda chosasesa. Ndimati ndi kumwazikana: kuchuluka kwa njira zimene tizigawo ndi mphamvu zingagawikire. Mchere ukalowa m'ndiwo subwereranso wokha pa supuni. Utsi wa m'khitchini sudziunjika wokha kubwerera m'chikuni. Lamulo lachiwiri likuti pa chilichonse chochitika chokha, entropia ya sistema ndi zozungulira zake, mukaphatikiza, imakwera.

Josiah Willard Gibbs wa ku Yale, m'zolemba zake za 1876 mpaka 1878, anamanga ziwirizi pamodzi, ndipo lero timalemba ΔG = ΔH − TΔS. ΔG ikakhala yochotsera, chinthucho chingachitike chokha (ΔS ndi kusintha kwa entropia, T ndi msinkhu wa kutentha). Kwa soda, ΔH ndi yochotsera kwambiri, nkhani yatha. Kwa yureya, ΔH ndi yophatikiza, koma kumwazikana kwa tizigawo m'madzi kumaiposa. T ameneyu ndi wa makelvin, kutanthauza madigiri athu kuphatikiza 273, ndipo amene waiwala zimenezi pa mayeso wataya funso lonse. Chitsanzo chimene ndimakonda ndi mwala wa laimu. Kuuswa kuti ukhale laimu ndi mpweya wa CO₂ kumamwa 178 kJ pa mol, ndipo entropia imakwera ndi majoule 160 pa kelvin pa mol. Gawani 178,000 ndi 160, mupeza makelvin pafupifupi 1,110, cha m'ma 840 pa madigiri athu. Pansi kwambiri pa msinkhu umenewo uvuni ungadye nkhuni sabata yonse, mwala ukhalabe mwala.

Sefuliya

Za sefuliya n'zina, ndipo zikanatha kupha munthu. Aluminiyamu ndi madzi, pa masamu a Gibbs, zimayenera kudyana zokha. Timaphikiramo nsima tsiku ndi tsiku chifukwa pamwamba pa chitsulocho pali kakhungu kopyapyala ka okusaidi kamene kamatchinga. Soda amasungunula kakhunguko. Kakangochoka, aluminiyamu amadyeka, kutentha kwina kumatuluka, pamodzi ndi mpweya wa haidrojeni umene ulibe fungo koma umayaka msanga. Chinawatsamwitsa amayiwo ndi timadontho ta soda touluka ndi nthunzi. Haidrojeniyo sanamumve n'komwe, ndipo moto wa nkhuni wophikira nkhomaliro unali mapazi ochepa kuchoka pamenepo.

Apa ndi pomwe termodinâmica imalekezera. Imanena ngati chinthu chingachitike ndi kutentha kumene chingatulutse, koma za liwiro siinena. Malasha a ku Moatize ali ndi kaboni amene akapsa amatulutsa 393.5 kJ pa magalamu 12 alionse, ΔG yake yochotsera kwambiri, koma amakwera sitima mpaka ku Nacala osayaka. Liwiro ndi phunziro lina, cinética.

Loweruka lachiwiri

Nkhani ya mwambo sindinaitsutse ndi pakamwa. Si ntchito yanga kuuza akuluakulu za mchere ndi mowa. Ndinangopempha mayi wamkulu, amene palibe angamuganizire kanthu, kuti abwereze zimene ana ake anachita koma pa muyezo waung'ono: magalamu 40 a soda m'kapu ya chitsulo chosachita dzimbiri, madzi magalamu 80 kuthira pamwamba nthawi imodzi. Ndinawaveka magalasi ndi magolovesi, ena onse anaima patali. Kapuyo inalira, nthunzi inakwera, themomita inadutsa 80 tikuona. Mayiwo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa apongozi a mtsikana uja n'kuti, "Mwaona? Nanenso yandiwirira." Palibe anayankha, koma kunong'ona kuja sindinakumvenso.

Tinagwirizana zoti azitsata, ndipo zinalembedwa m'kope la gulu. Madzi ayambe kulowa m'ndowa, soda abwere pambuyo, pang'onopang'ono. Madzi akhale a pachitsime, otungidwa kumene, ndipo asachepe pa malita 3 pa kilogalamu. Ntchito ikakula asungunule m'ndowa ziwiri. Ndowa ikhale ya pulasitiki wokhuthala kapena chitsulo chosachita dzimbiri, ikhazikidwe m'beseni la madzi ozizira, panja, yosavundikira, ana atalikire. Aluminiyamu ndi malata zisayandikire.

Pa za kupsa ndinalankhula mwamphamvu pang'ono. Mtsikanayo anapsa kawiri nthawi imodzi, ndi kutentha komanso ndi soda. Soda amachita pakhungu zomwe amachita m'chikombole: amasandutsa mafuta a m'thupi kukhala sopo, n'chifukwa chake pamaterera, ndipo amapitiriza kulowa m'kati mpaka atachotsedwa. Mafuta ophikira ndi mankhwala a mano zinangomutsekera pakhungu. Chofunika ndi kuvula chovala chonyowacho, kuthira madzi oyera ochuluka kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, kenako kuchipatala. Akalowa m'diso, kutsuka kuyambe pomwepo ndipo kupitirire m'njira. Tsopano ndowa yodzaza madzi oyera imakhala pambali asanatsegule thumba.

Chimodzi chimene sindinasinthe ndi bulangete. Amayiwa akathira sopo m'zikombole amafunditsa usiku wonse, ndipo m'mawa zikombole zimakhala zofunda. Mmodzi anafunsa ngati asiye, popeza ndati kuvundikira n'koopsa. Ndinati ayi. Mafuta ndi soda posandulika sopo ndi gliserini zimatulutsanso kutentha, koma pang'onopang'ono, ndipo kufundako kumathandiza kuti ntchitoyo iyende. Malire otseka pa ndowa ya soda ndi ngozi, pa chikombole ndi thandizo.

Zotsatira

Patatha milungu itatu ndinapita kukaonerera akusungunula kilogalamu imodzi mwa njira yatsopanoyi. Madzi anayambira pa 21. Tinkawerenga themomita mphindi 5 zilizonse, ndipo sinapitirire 55. Madzi a m'beseni anafunda mpaka anawasintha kamodzi, ndipo mnyamata wa kalasi 11 amene ndinapita naye anaviika chala m'besenimo n'kuti, "Vizinhança ija ndi iyi." Wolemba manambala m'kope anali mtsikana wopsa uja. Phazi linapola bwino, pamkono patsala chipsera chotalika ngati chala.

Thumba la soda silinabwezedwe kusitolo, analimaliza mu Disembala. Themomita ndinawabwereka ya sukulu kawiri, kachitatu ndinawauza kuti asonkhe agule yawo, ndipo akuti adzatuma munthu akapita ku Tete. Sefuliya ija inali yobwereka kwa mayi wina wa kumpingo amene sali m'gulu. Mpaka pamene ndikulemba lipotili sanagwirizane ngati ilipidwe ndi thumba la gulu kapena ndi amayi anayi amene analipo Lachinayi lija.